Zomwe ndamva ku msonkhano wa ku Urumqi wa mankhwala azitsamba a vitiligo

Abale anzanga a m'gulu, ndafika bwino, nali lipoti lija. Munandituma kuti ndikafunse ngati ku China kuli chitsamba chochotseratu mawanga oyerawa, yankho lake ndi loti ayi, ndipo ngakhale madokotala akomweko sananene kuti chilipo. Iwo matendawa amawatcha baidianfeng ndipo anabwerezabwereza kuti si khate, si opatsirana, koma chitetezo cha mthupi ndi chimene chimaononga timaselo topanga mtundu wa khungu.

Chomwe anachikamba kwambiri ndi buguzhi, tinjere takuda ting'onoting'ono ta chomera cha Psoralea corylifolia. Mkati mwake muli psoralen amene amapangitsa khungu kumva kuwala msanga, ndiye amapaka pa banga kenako nkuwalitsa ndi makina a UV (kuwala kofanana ndi kumene kumapezeka m'dzuwa) kuchipatala mochita kuyeza nthawi, osati kungopaka basi nkukakhala padzuwa ngati la ku Nsanje, mupsa mpaka matuza. Choopsa china, buguzhi wakumwa komanso he shou wu, muzu wa chitsamba china cha ku China, amadziwika kuti amaononga chiwindi mwa anthu ena, ndiye inu amene mumaitanitsa mabotolo pa intaneti chonde kaye kaonaneni ndi adokotala.

A ku Xinjiang konko, chigawo chomwe kuli mzinda wa Urumqi, amanyadira njere za Vernonia anthelmintica zomwe anthu a mtundu wa Uyghur akhala akugwiritsa ntchito kalekale, pano anapanga mapilitsi ndi jakisoni. Zithunzi zomwe anationetsa zinali zokongola ndithu, timadontho tabulauni tikuyamba kubwerera mozungulira titsitsi ta pa bangapo, koma ine chinandikayikitsa nchoti odwala ambiri amalandiranso UV nthawi yomweyo, nanga tidziwa bwanji chomwe chagwira ntchito? Ma study ambiri ndi a anthu ochepa komanso a miyezi yochepa. Za mtengo wa Ginkgo biloba anatchula kafukufuku wa ku India wa 2003 yemwe anaonetsa kuti mawanga anasiya kufalikira mwa ena, koma nayenso anali wamng'ono.

Sikuti ndikunyoza zitsamba ayi, LA timamwa tikadwala malungoyu ali ndi mankhwala ochokera ku chitsamba cha qinghao ndipo mayi Tu Youyou analandira nacho Nobel mu 2015, kungoti chimenecho chinayesedwa mokwanira, izi zikadali m'njira.

Pempho langa, pa 25 June, tsiku la vitiligo padziko lonse, tiitane dokotala wa khungu adzatifotokozere za UV ndi mafuta otchinga dzuwa. Amlembi, chonde ikani pa ajenda ya Loweruka.