Asankhana kumbali, ine ndikafunsa akuti ndi gemu chabe

Azakhali,

Ndikulemba kalatayi 2 koloko usiku, tulo tandithawa. Mwina museka mukamva kuti nkhani yake ndi ya gemu ya pafoni. Zaka zanga sinditchula, mungodziwa kuti ndine munthu wamkulu, wapabanja.

Ndimasewera Clash of Clans, gemu yomanga mudzi n'kumamenya midzi ya ena. Mmenemo anthu timakhala m'magulu otchedwa clan, osapitirira anthu 50, ndipo mtsogoleri amakhala mmodzi. Pansi pake pamabwera ma co-leader, kenako ma elder, kenako mamembala wamba. Gulu lathu ndinalowamo mu 2019 lidakali lofooka, tikungogonja nkhondo iliyonse. Ndine amene ndimadzuka pakati pa usiku kudzaza asilikali mu Clan Castle (nyumba zosungiramo asilikali othandiza) za anzanga nkhondo isanayambe. Ndine amene ndimaphunzitsa atsopano kumanga mudzi woti usagwe msanga. Ndalama zomwe ndatayira ma gem (ndalama za m'gemumo), mayi akunyumba sakuzidziwa, ndipo izo tizisiye kaye.

Mwezi watha mtsogoleri wathu anati watopa, akufuna kutula pansi udindo. Gemuyo ilibe povotera, mtsogoleri amangodina dzina la munthu n'kumupatsa mpando, basi. Ndiye tinagwirizana pa gulu lathu la WhatsApp kuti tichite chisankho. Ine ndinati tiike poll. Mtsogoleriyo anakana, akuti poll ya pa WhatsApp imaonetsa kuti uyu wavotera uje, anthu adzadana. Pamenepo ananena zoona, sindikutsutsa. Anati aliyense amutumizire voti yake kumbali, iye awerenga yekha. Patatha masiku atatu anangolemba dzina la wopambana, nambala ayi. Wopambanayo analowa chaka chathachi, ndipo amagwira ntchito limodzi ndi mtsogoleriyo. Nditafunsa kuti mavoti anali angati, mtsogoleri wakaleyo anandiyankha ndi kankhope koseka kaja. Kenako anawonjezera kuti, "Akulu, ndi gemu chabe iyi."

Gemu chabe? Nanga bwanji akubisa nambala?

Chinandimaliza ndi cha sabata yatha. Mwezi uliwonse pamakhala Clan War League, magulu 8 kumenyana masiku 7, ndipo pamapeto pamatsala ma medal a bonasi ochepa omwe atsogoleri amagawira amene awasankha. Ine ndinamenya nkhondo zonse 7, kasanu ndinatenga nyenyezi zitatu, kutanthauza kugwetsa mudzi wonse wa adani. Bonasi inapita kwa mnyamata amene anaiwala kumenya kawiri konse, ndipo tsiku lina anakamenya mudzi wapansi womwe tinagwirizana kuti tiusiyire wofooka. Zithunzi zake ndinasunga, zili mufonimu.

Ndisakubisireni zonse. Chisankho chisanachitike ndinalembera anthu kumbali kuti andivotere, ndipo 14 anandilonjeza. Mwa amene amalankhula pagulupo, amenewo ndi theka ndithu. Ndiye kaya mavoti anabedwa, kaya anthuwo anandinamiza, sindikudziwa chomwe chikundiwawa kwambiri. Komanso u co-leader wangawu anandipatsa ndi mtsogoleri wakale yemweyo mu 2021, popanda voti, ndipo sindinadandaule. Koma nthawi imeneyo panalibe wina woyenera, aliyense akudziwa. Mnyamata wina amene ndinamuchotsa m'gulu osafunsa anzanga anali atanditukwana, sizofanana ndi izi.

Dzulo ndinalemba uthenga wautali wopempha kuti tikhale ndi malamulo olembedwa, mavoti aziwerengedwa ndi anthu atatu omwe sakupikisana nawo, nambala zizilengezedwa, ndipo bonasi izipita motsatira nyenyezi. Anauwerenga ambiri. Anayankha awiri, wina anangoti, "Mpando ukukuwawani eti?" Ndinagwira foni mpaka dzanja kuchita dzanzi. Mayi akunyumba anandifunsa kuti kwagwanji, ine ndinati mutu.

Azakhali, ndichoke ndikayambitse gulu langa, n'kusiya zaka zonsezi m'manja mwa munthu wobwera dzulo? Ndiwafunse 14 aja mmodzimmodzi ngati anandivoteradi, kapena pamenepo ndidzichotsa ulemu? Kodi kufuna kuona nambala n'kulakwa, kapena zoonadi ndi mpando womwe ukundiwawa? Wopambanayo wanditumizira uthenga madzulo ano kuti tikambirane awiri, kumbali. Kumbalinso! Sindinautsegule kuti asaone kuti ndawerenga. Ndimuyankhe chiyani?

Ine wosowa tulo,
Co-leader wokhumudwa