Madzi akaphwa m'thanki ya makorale, musathiremo amchere

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhule ndi anzanga amene ayamba kuweta nsomba za m'nyanja yamchere pamodzi ndi makorale (tizamoyo ta m'nyanja timene timamanga matanthwe pansi pa madzi) m'mathanki agalasi kunyumba, makamaka iwo amene adazolowera mbuna. Mbuna za m'Nyanja ya Malawi n'za madzi opanda mchere, pomwe makorale, monga a ku Bazaruto ku Mozambique kapena a ku Sodwana Bay kuno ku South Africa, amakhala m'madzi okhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse. Pachipangizo choyezera, mlingo umenewu umaoneka ngati 1.025 kapena 1.026 madzi akafunda madigiri 25.

Vuto lalikulu limayambira pa nthunzi. Tsiku ndi tsiku madzi a m'thanki amaphwa, makamaka nyengo yotentha ndiponso pamene nyali zowalitsira makorale zayaka nthawi yaitali, koma chimene chimachoka ndi madzi okha, mchere wonse n'kutsala momwemo. Aliyense amene adaphikapo ndiwo amadziwa kuti msuzi ukaphwera mchere umawawa, ndipo wophika amathiramo madzi, saonjezera mchere. Choncho madzi obwezeretsa amene aphwa akhale opanda mchere, osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis) amene amachotsa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi, chifukwa a pampopi amakhala ndi klorini ndi zina zimene zimameretsa ndere. Amchere amafunika pokhapokha mwini wake atatunga dala gawo la madzi akale kuti asinthe.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nsomba zimanamiza mwini thanki. Nsomba ya m'nyanja yamchere imamwa madziwo n'kutulutsa mchere wopitirira kudzera m'ziwalo zake zopumira, motero imaoneka yamphamvu ngakhale mlingo wasokonekera. Makorale alibe mphamvu imeneyo, pakuti madzi a m'thupi mwake amatsatira a kunja, ndipo mlingo ukamakwera ndi kutsika amafota, ena n'kufa, nsomba zikusambira bwinobwino. Ine ndimaona kuti thanki yokhazikika pa 1.025 mwezi wonse iposa ija imene mwini wake akuithamangitsira pa 1.026 pothiramo izi ndi izo m'mawa uliwonse. Ngati mlingo walakwika, ukonzedwe pang'onopang'ono, osapitirira 0.001 patsiku.

Chipangizo choyezera nachonso chisakhulupiriridwe mwachimbulimbuli. Hydrometer yapulasitiki, imene imaonetsa mlingo wa mchere ndi muvi woyandama m'madzi, imanama tithovu tikamatirira pamuviwo, ndipo refractometer, imene imayeza mchere pogwiritsa ntchito kuwala, ngakhale ili yodalirika kuposa inzakeyo, imafunika kuiwongola kawirikawiri ndi madzi ogula amene mlingo wake ndi 35 ndendende, osati ndi madzi wamba.

Pomaliza, mchere wa m'ndiwo usayandikire thanki, ngakhale wogula wa makorale uli wokwera mtengo. Makorale amamanga mafupa awo ndi kashiamu ndi kaboneti, ndipo amafunanso maginiziyamu, zomwe mchere wa kukhitchini ulibe pamlingo wofunika. Mchere woyenerawo usungunulidwe m'ndowa yapadera, kapampu kakutakasa kwa maola angapo, kenako madziwo ayezedwe ndi kufunditsidwa mofanana ndi a m'thanki asanathiridwemo.

Ine wanu,
Woweta makorale,
Durban