Lipoti la maphunziro a ku Dedza boma: chimene chikufewetsa sopo wathu

A Tcheya, a Mlembi, a Msungichuma ndi amayi anzanga nonse, ndabwerako ku boma kumene munandituma. Maphunziro a kapangidwe ka sopo anali a masiku awiri, ndipo kupatula ife a ku Bembeke kunabwera magulu a ku Linthipe, Lobi ndi Mtakataka. Ndalama ya ulendo inakwana, yotsala ndapereka kwa a Msungichuma.

Ndinanyamula zidutswa ziwiri za sopo wathu wa mwezi watha, uja timati tikamudina chala n'kulowa ngati m'chigumu chosapsa. Aphunzitsi anamudina, kumununkhiza, kenako n'kundifunsa kuti soda ndi mafuta timayezera chiyani. Nditati kapu ndi botolo, anati vuto layambira pomwepo.

Sopo amapangika kositiki soda akakumana ndi mafuta, ndipo mafuta a mtundu uliwonse ali ndi mlingo wake wa soda. Kilogalamu imodzi ya mafuta a mpendadzuwa imafuna magalamu pafupifupi 134, a mtedza 137, a ng'ombe 140 kapena kupitirira pang'ono, pamene a kokonati amafuna oposa 180. Pa mlingowo amachotsapo magalamu 5 pa 100 alionse kuti sopo asamawotche khungu. Kapu singathe kuona kusiyana kotereku. Soda wa timibulu ndi soda wa mapalemapale akadzaza kapu imodzimodzi salemera mofanana, komanso lita ya mafuta si kilogalamu, imalemera magalamu pafupifupi 920. Soda akachepa, mafuta ena amangotsala osasanduka sopo, n'chifukwa chake wathu amanona m'manja ngakhale patapita milungu.

Chachiwiri ndi madzi. Ife timathira ochuluka poganiza kuti zidutswa zichuluka. Aphunzitsi akuti madzi azilemera kawiri kulemera kwa soda, akachuluka kawiri ndi theka. Oposera apo amangokhala m'sopo kudikira kuuma, ndipo akauma chidutswa chimanyala n'kupindika.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya mafuta, chifukwa apa ngakhale titayeza bwino bwanji sitingapulumuke. Ife timagwiritsa ntchito mafuta ophikira okhaokha, a mpendadzuwa kapena a soya, poti ndiwo amapezeka pafupi. Mafuta amenewa ndi amadzimadzi ndipo sopo wake amakhala wofewa mwachibadwa, amasungunuka msanga pamwala wochapira, komanso akakhalitsa amatuluka madontho achikasu n'kuyamba fungo. Sopo wolimba amafuna mafuta amene amaundana okha kukazizira: a ng'ombe, a kanjedza amene anzathu a ku Karonga amati mawese, kapena a kokonati. Kwa ife otsika mtengo ndi a ng'ombe. Tingakambirane ndi ogulitsa nyama pamsika, tidzawaduledule, kuwasungunula pamoto wochepa ndi kusefa pansalu. Ena m'chipindamo anakwinya nkhope poopa fungo. Ine ndinanunkhiza chidutswa chouma bwino chimene anatisonyeza, sindinamvemo fungo la nyama.

Tsiku lachiwiri tinapanga ndi manja athu: magalamu 500 a mafuta a ng'ombe, 500 a mpendadzuwa, soda 130, madzi 280. M'madzimo tinayamba tasungunulamo sipuni yaing'ono ya mchere tisanathire soda, akuti umathandiza kuti sopo achoke msanga m'chikombole. Mnzanga wa ku Linthipe anatenga chikombolecho, ndipo patapita masiku awiri anandiimbira kuti wadula kale bwinobwino.

Pali msampha umodzi umene ndi wathu weniweni ife a kumapiri. Kukazizira ngati mu June ndi July, mafuta a ng'ombe amayamba kuundana uli mkati motakasa, ndiye umaona ngati phala lakhwima, n'kuthira m'chikombole pamene soda ndi mafuta sizinagwirane. Mawa lake umapeza mafuta atayandama pamwamba. Choncho mafuta ndi madzi a soda zonse zizikhala zofunda, madigiri 40 kapena kupitirira pang'ono, ndipo tizitakasa mpaka dontho lochoka pamthiko lizisiya mzere pamwamba. Ndi mthiko zimatha kutenga ola kapena kuposa, tizilandizana. Tikathira, chikombole tizichifunditsa bulangete usiku wonse. Amayi a ku Mtakataka anati kwawo kunyanja vutoli saliona.

Agogo athu aja anafunsa ngati chidulo chingalowe m'malo mwa soda. Ndinawafunsira. Phulusa lili ndi potashi, ndipo potashi amapanga sopo wofewa ngati phala, wosati wa zidutswa. Soda wophikira therere ndiye sapanga sopo n'komwe. Nayenso kositiki soda akasiyidwa m'pepala lotsegula amakoka chinyontho, amaumbika zibuma n'kutha mphamvu. Wathu uja tinagula wopimidwa m'jumbo anali kale wonyowa, ndipo ndikukhulupirira kuti nayenso anatipweteka. Tizigula wotsekedwa, tizisunga m'botolo lapulasitiki lotseka bwino.

Pa za chitetezo aphunzitsi sananyengerere, inenso sindinyengerera: soda ndiye amapita m'madzi, osati madzi pa soda. Magolovesi ndi magalasi tizivala, tizisakanizira panja, ana akhale kutali. Mapoto athu a aluminiyamu asayandikire, soda amawadya. Akatidonthera pakhungu, tizitsuka ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

Ndipo tisiye kugulitsa sopo wa sabata imodzi. Azikhala pathandala, pamthunzi podutsa mphepo, milungu 4 mpaka 6, tikumatembenuza. Nthawi ya chifunga angafune yoposa apo.

Sopo wofewa amene ali m'katoni kwa a Mlembi tisamutaye, komanso tisamugulitse. Popeza sitikudziwa kuti soda anaperewera wochuluka bwanji, kuwonjezera mongoganiza kungawotche anthu. Tigawane, tizichapira ndi kutsukira mbale.

Pempho langa kwa gulu ndi lakuti pamsonkhano wa Lachinayi tivomereze kutenga ndalama m'thumba la gulu tigule sikelo ya batire yowerenga galamu imodziimodzi. Ikabwera tidzayese kilogalamu imodzi yokha ya mafuta, a Mlembi alembe m'kope chilichonse chimene tathira ndi tsiku lake, tisanagulenso chigubu chathunthu.