Tibwezereni mafayilo a ophunzira athu, inu otigulitsa pulogalamu yophunzirira pa intaneti

Abwana a kampani imene inatigulitsa pulogalamu yoyendetsera maphunziro pa intaneti, ndalemba pano pagulu chifukwa foni simukuyankha, ndipo imelo iliyonse imene timatumiza imangoyankhidwa ndi makina. Ndimayendetsa kasukulu kophunzitsa za akaunti ndi makompyuta ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Ophunzira athu ambiri amakhala ali kuntchito masana, ena amagulitsa malonda mumsika wa Nsungwi, ndiye amawerenga usiku pafoni.

Tsiku limene munabwera kudzationetsa pulogalamuyi munatsegula pa laputopu yanu, pa Wi-Fi yanu, zonse zikuyenda myaa. Tinakufunsani maso ndi maso ngati imagwira pa tifoni ta Itel ndi Tecno tosunga zinthu zochepa, komanso ngati wophunzira angatsitse phunziro n'kumawerenga popanda netiweki. Munavomera zonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsamba lililonse limafuna intaneti, vidiyo imodzi imamaliza bandulo ya tsiku lonse, ndipo palibe pochepetsera kukula kwake.

Chimene chikundipweteka mtima kwambiri ndi mayeso. Netiweki ikangoduka, kapena foni ikathima chifukwa magetsi kunalibe tsiku lonse, mayankho onse amafufutika ndipo pulogalamu yanu imalemba ziro. Mayi wina anabwera ku ofesi kwanga mwana ali kumbuyo, misozi ili mbwembwembwe, n'kundipatsa foni yake yong'aluka galasi kuti ndione ndekha. Anali atafika pa funso lomaliza. Mayeso amenewo ndinamulembetsanso papepala, chonsecho tikukulipirani kuti tisiye mapepala.

Za ndalama ndiye musanene. Mtengo munauika m'madola pa wophunzira aliyense, ndipo mukuwerengera ndi amene anamaliza kalekale, poti dzina lawo likadali m'kaundula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, bilu yathu inakwera tsiku lomwelo, pamene ife fizi sitingakweze pakati pa teremu. Ophunzira amatilipira pa Airtel Money ndi Mpamba, koma inu mukufuna khadi ya Visa basi, ngati simukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza m'dziko muno.

Taganiza zosamukira ku pulogalamu ina yoyendetsera maphunziro pa intaneti yotchedwa Moodle. Pulogalamu imeneyi ilipo kuyambira 2002, laisensi yake ndi yaulere, ndipo pafoni munthu amatsitsa maphunziro n'kumawerenga intaneti atazimitsa. Tidzangolipira seva (kompyuta yosungira pulogalamuyi pa intaneti) ndi mnyamata woisamalira, m'makwacha. Koma titapempha mafayilo athu, mwatiuza kuti tilipire kaye ndalama ina yotulutsira, imene m'pangano tinasainirana mulibemo. Mayina a ophunzira, manambala awo a foni, malikisi awo, manotsi amene aphunzitsi anga analemba mpaka usiku, zonsezi zakhala zanu liti? Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta, ndipo sindikukhulupirira kuti simunalimvepo.

Anzanga a masukulu ena amene mukuwerenga, musasaine musanayese pulogalamu pa foni yotchipa kwambiri m'kalasi mwanu, ndi bandulo yogula nokha. Zimitsani intaneti pakati pa mayeso muone chimene chichitike. Ndipo zoti mudzatenga mafayilo anu mwaulere tsiku lochoka zilembedwe m'pangano, osati zapakamwa.

Inu abwana, titumizireni kaundula ndi malikisi onse mu Excel, manotsi ndi mavidiyo athu momwe tinawaikira, teremu ikubwerayi isanayambe. Ndalama za ophunzira omaliza amene mwakhala mukutilipitsa mutibwezere. Mukapanda kutero tikatula nkhaniyi ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, pamodzi ndi pangano lathu ndi malisiti onse.