Kalata kwa mwana wanga, za mdzukulu wanga wokana kudya

Mwana wanga wokondedwa,

Usiku uja titamaliza kulankhula pa foni tulo sitinabwere msanga. Pamene unati "amayi, kaya ndikulakwitsa pati," ndinadziwa kuti ukulira ngakhale unkayesa kubisa. Sindinathe kunena zonse chifukwa mwini nkhaniyo ankakuwa kumbuyoko, ndiye ndati ndilembe. Uwerenge iye akagona, ndipo uwapatsenso bambo ake awerenge.

Ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. Zaka zonse zija ndinkayeza ana kusikelo, pakamwa panga sipankachoka mawu akuti "musamamukakamize mwana kudya." Koma ndikafika kunyumba, iwe ukamana milomo, ndinkakupana pakati pa miyendo, n'kukugwira mphuno mpaka uyasamule, supuni n'kulowa. Unkalira, unkasanza, ine n'kuyambiranso. Tsiku lina unatsamwa mpaka milomo kusintha mtundu, ndipo kuchokera pamenepo ndinaleka. Nkhondo yonseyo sinakuwonjezere ngakhale kilogalamu imodzi. Chimene inakuphunzitsa ndi kuthawira kuseri kwa chitseko ukangomva kulira kwa mbale. Utandiuza kuti masiku ano mumamuthamangitsa ndi supuni nyumba yonse, ndinadziona ndekha.

Tisanafike pa zakudya, tidziwe kaye ngati mwanayu ali pa vuto kapena ndi maso athu chabe. Khanda limakula mothamanga. Pofika miyezi 5 kulemera kumene linabadwa nako kumakhala kutawirikiza kawiri, pofika chaka chimodzi katatu. Kenako liwiro limatsika. M'chaka chachiwiri mwana amawonjezera makilogalamu 2 kapena 3 okha, ndipo akadutsa zaka 2 amawonjezera pafupifupi makilogalamu 2 chaka chathunthu. Thupi likachepetsa kukula, njala nayo imachepa. Masaya a ukhanda aja amaphwa, miyendo imatalika, mayi n'kuyamba kuwerenga nthiti pomusambitsa. Wakoyo ali ndi zaka 2 ndi miyezi 4, ndiye ali pakati penipeni pa nthawi imeneyi.

Tsegula khadi lake la kusikelo. Mizere yokhota ili pa tchati ija anaitulutsa a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2006, atayeza ana okula bwino m'mayiko asanu ndi limodzi: Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Usangoyang'ana kadontho ka mwezi uno. Tsatira madontho ake onse ndi chala, uone kumene akulowera. Ngati ali m'munsi koma akukwera motsatana ndi mizereyo, mwina ndi thupi lake basi, pajatu bambo ake si munthu wamkulu thupi. Koma ngati madonthowo aima malo amodzi miyezi iwiri kapena itatu, kapena akutsika n'kumadumpha mizere, usadikire kalata yanga ina, pita naye kuchipatala. Akamuyezenso mkono ndi kalamba koyezera kukula kwa mkono kaja. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 59, mkono wosakwana masentimita 12.5 ndi chizindikiro cha kunyentchera, ndipo wosakwana 11.5 ndi kunyentchera koopsa. Iwe wekha ukhoza kudina pamwamba pa mapazi ake onse awiri ndi chala chachikulu, kuwerenga mpaka katatu. Pakatsala kadzenje, ndi ulendo wa tsiku lomwelo.

Ukakafika usakangoti "sakudya." Ukawapemphe aone ngati magazi ndi okwanira, chifukwa mwana wochepa ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) m'thupi chakudya sichimukoma, ndipo akamadya pang'ono magazi amacheperachepera. Akaonenso za njoka za m'mimba, zilonda m'kamwa ndi mano obowoka. Ukanene ngati amadzimbidwa, poti mimba yodzaza chimbudzi silandira chakudya. Ukanenenso ngati amatsegula m'mimba pafupipafupi, kapena ali ndi chifuwa chosatha ndi kutentha thupi kobwererabwerera.

Tsopano botolo lija. Unanena wekha kuti amayenda nalo tsiku lonse, ndipo umalidzaza chifukwa "bola akumwa mkaka." Ndikumvetsa, koma ndikuganiza kuti theka la vuto lili pamenepo. Mimba ya mwana ndi yaing'ono, yerekeza ndi nkhonya yake. Ukaidzaza mkaka nthawi ya 11, nthawi ya 12 chakudya chilowa pati? Mkaka wa ng'ombe ndi wabwino koma uli ndi ayironi wochepa kwambiri, ndipo ana ambiri amene ndinawaona magazi atachepa anali okhuta mkaka. Pa msinkhu wake makapu awiri patsiku, pafupifupi mamililita 500, ndi okwanira. Ukhale mkaka wosachotsedwa mafuta, amwere m'kapu, ndipo amwe atatha kudya. Majuwisi ndi zakumwa zotsekemera uzichotse, zimadzaza mimba n'kuwononga mano. Tiyi nayenso ayi, amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'chakudya. Masiku awiri kapena atatu oyamba alira kwambiri. Limba mtima.

Nkhani ya kunenepa ili pa zimene zili m'supuni imodzi. Popeza sangadye zambiri, zochepa zimene akudyazo zikhale zolemera. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 9, pamene ya ufa, shuga kapena zomanga thupi imapereka 4 okha. Supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, batala kapena majarini ili ndi makalori pafupifupi 40, ndipo ukaisakaniza m'chakudya chotentha mwana saidziwa n'komwe. Phala lamadzimadzi limanyenga: mbale imatha, mayi amasangalala, koma mwana wamwa madzi. Liziti ukapendeketsa supuni lisamayenderere. M'phala lomwelo ukhoza kuswera dzira lidakali pamoto kuti lipse bwino, tsiku lina kuthira mtedza wosinja, tsiku lina supuni ya mkaka waufa. Peyala loponda ndi nthochi ana ambiri okana kudya amalandira. Nyemba uziponde ndi msuzi wake n'kuthira mafuta pang'ono. Nyama ndi nsomba uzidule tinthuli tating'onoting'ono, chifukwa nthawi zambiri mwana amakana nyama kaamba kotopa kutafuna, kukoma amakumva ndithu. Kachidutswa ka chiwindi kamodzi pa sabata kamathandiza magazi, ndipo ukaikapo chipatso ngati lalanje pambali, ayironi wa m'nyemba ndi masamba amalowa bwino m'thupi.

Usasinthe zonse tsiku limodzi. Yamba ndi chakudya chimene amachikonda kale, uwonjezere pang'ono kwambiri kuti kakomedwe kasasinthe, kenako uzikweza. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo mtedza wathunthu usamupatse mpaka akwane zaka 5, mphesa uzizidula mulitali, kuopa kutsamwa. Ine ndinaona milomo yako tsiku lija, sindifuna iwe uone zomwezo.

Anthu akuuza kuti umupatse mabisiketi, maswiti ndi tchipisi ta m'mapaketi poti "bola adye kenakake." Zimenezo zimatseka njala osamanga thupi. Akuuzanso za mankhwala amadzi odzutsa chilakolako cha chakudya. Chonde usagule popanda dokotala. Ambiri a iwo ali ndi cyproheptadine, amene amagonetsa mwana, ndipo ena osadziwika bwino amawasakaniza ndi mankhwala amphamvu otchedwa masiteroidi. Nkhope imatupa, anthu n'kumayamikira kuti wanenepa, pamene thupi likuwonongeka mkati.

Pali chinthu chimene chinanditengera zaka kuchimvetsa, ndipo mwina chikuvuta kuposa zonse ndalembazi. Pa chakudya pali ntchito yako ndi ntchito yake. Katswiri wina wa kadyedwe ka ana wa ku America, Ellyn Satter, anazigawa chonchi: kholo limasankha chodya, nthawi ndi malo; mwana amasankha ngati adye ndi kuchuluka kwake. Ukalanda ntchito yake, iye amamenyera nkhondo chinthu chimodzi chokha chimene ali nacho mphamvu, pakamwa pake. Ndipo pa nkhondo imeneyo mwana wa zaka 2 sagonja.

Ndiye chita chonchi. Chakudya chachikulu katatu patsiku, tizakudya tochepa kawiri kapena katatu pakati pake, motalikirana maola awiri kapena atatu. Pakatipo madzi okha, kuti njala ipeze mpata wobwera. Akhale pansi, adye pamodzi ndi inu, TV ndi foni zitazimitsidwa. Ndikudziwa kuti akamaonera makatuni amayasamula osadziwa, koma mwana wodya chotero saphunzira kumva njala ndi kukhuta kwake, ndipo tsiku limene foni palibe sadya. Muikire pang'ono, masupuni awiri kapena atatu, akamaliza uwonjezere. Mbale yodzaza imamuopsa asanayambe. Pa mbale iliyonse pakhale chinthu chimodzi chimene umadziwa kuti amadya, pambali pake kanthu katsopano kochepa. Muloleze agwire ndi manja, afinye, anunkhize, ngakhale alavule. Kudetsa zovala n'kuphunzira komweko. Pakatha mphindi 20 kapena 30 chotsa mbale, nkhope yako ili yowala, osanyengerera, osakalipa, osathamangira kukaphika china. Chakudya chotsatira sichili kutali.

Kuopa chakudya chachilendo kumakula pakati pa zaka 2 ndi 6, ndipo mwana angafunike kuchiona pa mbale maulendo 10 kapena 15 asanachivomere. Ife amayi timasiya pa ulendo wachitatu n'kulengeza kuti "sakonda." Mawu amenewo usamawanene iye akumva, amawasunga n'kuyamba kuwakhulupirira. Usamamulonjezenso switi akamaliza masamba, chifukwa phunziro limene amatengapo ndi lakuti masamba ndi chilango. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga. Ndipo usamaweruze ndi tsiku limodzi. Ana a msinkhu uwu lero amadya ngati mbalame, mawa ngati munthu wochokera kumunda. Lemba m'kabuku zonse zimene wadya kwa sabata yathunthu, mwina udabwa.

Komabe pali kukana kwina kopitirira apa. Ngati zakudya zimene amalola zikucheperachepera mpaka kutsala zowerengeka pa zala, ngati amachita nseru akangoona kapena kununkhiza chakudya, ngati amatsokomola kapena kutsamwa pomeza, ukanene kwa dokotala momveka bwino. Vuto lokana chakudya mopitirira muyeso lilipo, madokotala amalitcha ARFID kuyambira 2013, ndipo limafuna akatswiri.

Akadwala, kudya kumatsika, usadabwe. Uzimupatsa zofewa pang'onopang'ono ndi zakumwa zokwanira. Akachira umuwonjezere chakudya chimodzi patsiku kwa milungu iwiri, nthawi imeneyo njala imabwera yokha ndipo thupi limabweza zimene linataya.

Sikelo ya kubafa ija uibise. Kumuyeza m'mawa uliwonse kukudwalitsa iweyo. Kamodzi pa mwezi, pa sikelo imodzimodzi ya kuchipatala, n'kokwanira. Pakatipo yang'ana zina: akusewera? Akuthamanga? Akuphunzira mawu atsopano? Nsapato zikumuthina?

Za achibale amene amati "mwanayu mukumudyetsa koma?" ndamva mmene zikukupwetekera. Uziwayankha mwaulemu kuti achipatala akumuona, nkhani ithere pomwepo. Koma onse amene amamudyetsa, bambo ake ndi wolera uja, mugwirizane chimodzi. Wina akamachotsa mbale mwakachetechete, wina n'kumapereka bisiketi kuseri, mwanayo ndi wochenjera, adziwa koti azipita.

Mawa undijambulire tsamba la tchati lija unditumizire pa foni, ndione madonthowo ndi maso anga. Ndibwera kumapeto kwa mwezi kudzakhala nanu sabata imodzi. Ndidzaphika, ndidzakhala naye pa chakudya, iwe udzagoneko masana. Ukadzandiona ndanyamula supuni n'kuyamba kumulondola, udzandilande.

Moni kwa bambo ake, ndipo kamnyamatako undipsompsonere pachipumi.

Ndine,
Mayi ako