Chimbale cha Amanaz tachisiyira alendo kuti achiyamikire

A Mkonzi,

Mundilole ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu. Sabata yatha, pa wailesi ina ya kuno kwathu, womvera anapempha nyimbo ya rock, ndipo muulutsi anamuyankha kuti zimenezo ndi za azungu, ife kuno sitinaimbepo. Ndinazimitsa wailesi mtima ukundiwawa, chifukwa chimbale chomwe ndinakula nacho chikutsutsa mawu amenewo kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza.

Malemu bambo anga, monga Amalawi ambiri a nthawi imeneyo, ankagwira ntchito ku migodi ya kopa ku Kitwe, m'dziko la Zambia. Pobwerera kumudzi anabweretsa njinga, sutikesi yachitsulo ndi mbale za galamafoni zokulunga m'chitenje cha amayi. Pakati pa mbalezo panali "Africa", chimbale cha gulu la Amanaz cha mu 1975. Anali anyamata asanu, Keith Kabwe, Isaac Mpofu, John Kanyepa, Jerry Mausala ndi Watson Lungu. Anayambitsa gululi mu 1973 ndipo anakajambula ku Malachite Film Studios ku Chingola. Nyimbo zambiri ndi za m'Chingerezi, zina m'Chibemba.

Lamlungu masana bambo ankayanika mabatire padzuwa kuti apezeko mphamvu, n'kuika kandalama pamwamba pa singano kuti isamadumphe. Akaika "Khala My Friend", tonse tinkangoti zii. Imayamba mofatsa ngati munthu akukunong'oneza, kenaka gitala ya magetsi imalowa ikulira ngati njuchi zotsekeredwa m'chigubu. Amayi, omwe Chingerezi sankachimva, ankati mawu akuti "khala" okhawo akwanira, munthuyu akuchonderera mnzake kuti asachoke. Mpaka lero ndikuona kuti amayi anaimvetsa nyimboyo kuposa anthu ambiri omwe alembapo za iyo.

Nyimbo zoterezi, zomwe pano zikutchedwa Zamrock, zinakula pomwe boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti wailesi iziulutsa kwambiri nyimbo za oimba a m'dzikomo. Koma Amanaz sanadyerere thukuta lawo. Mtengo wa kopa unagwa, ndalama zogulira mbale zinasowa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anthu analetsedwa kuyenda usiku chifukwa cha nkhondo ya ku Rhodesia. Woimba adya chiyani ngati usiku anthu ali m'nyumba? Gululi linatha litangotulutsa chimbale chimodzi chokhachi. Achinyamata anatembenukira ku disiko ndi kalindula, ndipo Edzi itabwera inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo.

Omwe anadzachifukula ndi akunja. Kampani ya Shadoks ya ku Germany inachitulutsanso, kenaka mu 2015 Now-Again Records ya ku Los Angeles inachitulutsa m'mitundu yake yonse iwiri, popeza chinasakanizidwa kawiri, kwina mawu ouma, kwina olira ngati m'phanga. Olemba za nyimbo ku Ulaya ndi ku America anachitamanda kwambiri, ndipo mbale zoyambirira zija, zomwe ife tinkaseweretsa ngati zivundikiro za mapoto, osonkhanitsa mbale akuzigula pa mtengo wokwera zedi. Mu 2023 woimba wa ku America Travis Scott anatenga chidutswa cha "Nsunka Lwendo" n'kuchiika m'chimbale chake cha "Utopia", chomwe chinafika pa nambala 1 ku America. Chaka chotsatira woimba wina wa komweko, Tyler, the Creator, anachita chimodzimodzi ndi nyimbo ya Chinyanja ya Ngozi Family, pomwe mwini wake Paul Ngozi anamwalira kale mu 1989.

Sindikuwachitira nsanje alendowa. Akanapanda iwo, bwenzi chimbalechi chitatha ndi chiswe. Chondipweteka n'chakuti mbiri yonse ya "Africa" yalembedwa ndi anthu omwe akamva gitala ija amathamangira kuifanizira ndi Jimi Hendrix kapena The Velvet Underground. Kufananako kulipo, anyamatawo ankamvera ndithu magulu akunja. Koma kayendedwe ka ng'oma, kaimbidwe kolandizana, ndi chisoni cha munthu wa m'komboni ya mgodi yemwe ali kutali ndi kwawo, zimenezo amazimva ndi munthu yemwe anagonapo m'komboni kapena analeredwa ndi wotero. Anthu amenewo tilipo, ku Chipata, ku Mchinji, ku Ndola, ku Lilongwe. Palibe amene anatifunsa, ndipo ifenso sitinalembe.

Tsamba lanu la zamsangulutso limatiuza yemwe wakwatira ndi yemwe wakangana ndi mnzake pa Facebook, koma sindikumbuka tsiku lomwe munakhala pansi ndi chimbale chimodzi n'kuchiunika nyimbo ndi nyimbo, kunena chomwe chakoma ndi chomwe chalephera. Ndikupempha muyambire pa "Africa". Musachiope kuchidzudzula, pakuti Chingerezi cha m'nyimbo zina n'chopepuka ndipo zina zimachedwa kufika pachimake. Tumizaninso mtolankhani akacheze ndi otsala a m'badwo umenewo. Emmanuel "Jagari" Chanda wa gulu la WITCH anabwerera pa nsanja ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale cha "Zango", momwe Keith Kabwe yemweyo anaimbamo. Lusaka si kutali.

Mbale ya bambo ndikadali nayo, ngakhale ili ndi mng'alu m'mbali ndipo chikuto chake chinadyedwa ndi mphemvu. Mtolankhani wanu akafuna kuimva, kapena muulutsi uja, adzandipeza. Singano ndinagula ina, ndipo kandalama koika pamwamba sikasowa.

Ndine wowerenga wanu,
ku Mchinji