Kopa amathandizadi chitetezo cha m'thupi, koma tisamufune m'mabotolo

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhulepo za uthenga umene ukuzungulira m'magulu a pa WhatsApp ndi pa Facebook. Uthengawu ukuti mchere wa kopa (mkuwa) umapha mavairasi m'thupi, choncho munthu azimwa mapiritsi ake tsiku ndi tsiku, kapena azimwa madzi ogona m'chikho chamkuwa. Ogulitsa ena afika potchula chimfine, Covid-19, ngakhalenso HIV. Ndagwira ntchito yophunzitsa za kadyedwe m'midzi kwa nthawi yaitali, ndipo chikundidetsa nkhawa n'chakuti m'nkhaniyi muli kachoonadi ndithu. N'chifukwa chake anthu akuikhulupirira msanga.

Thupi limafunadi kopa. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu pafupifupi 0.9 patsiku, ndipo thupi lonse limasunga mamiligalamu 100 kapena kuchepera apo. Ndi wochepa zedi, koma akasowa zimaoneka. Asilikali a m'magazi otchedwa ma neutrophil, amene amayamba kufika pamene tizilombo talowa, amatsika kwambiri. Palinso asilikali ena omwe amameza bakiteriya, n'kumutsekera m'kathumba, kenako n'kumuthira kopa kuti afe. Kachilombo ka TB kamakumana ndi zimenezi m'mapapo. Kopa amathandizanso ayironi kuchoka m'malo osungira kupita kokapanga magazi. Munthu wosowa kopa angathe kumwa mapiritsi a ayironi miyezi ndi miyezi koma magazi osakwera. Madokotala a ku Peru anaziona zimenezi m'zaka za m'ma 1960 pa makanda onyentchera amene ankawachiritsa ndi mkaka wa ng'ombe, womwe uli ndi kopa wochepa. Lero chiponde chimene ana onyentchera amalandira kuchipatala chimakhala ndi kopa woyezedwa bwino, pamodzi ndi michere ina.

Mpaka apa palibe chotsutsa. Pamene ogulitsawa akusocheretsa anthu ndi ponena kuti popeza kusowa kopa kumafooketsa chitetezo, ndiye kuti kumuchulutsa kumachilimbitsa koposa. Thupi siligwira ntchito motero. Mlimi aliyense akudziwa kuti feteleza wokwanira amabereketsa chimanga, koma wopyola muyeso amachiwotcha. Munthu akakhala ndi kopa wokwanira, matumbo amachepetsa kuyamwa, ndipo chiwindi chimataya wotsala kudzera mu ndulu. Palibe umboni woti mapiritsi a kopa amachiritsa kapena kufupikitsa matenda a vairasi mwa munthu amene akudya bwino.

Ndikuona kuti chisokonezo china chinachokera ku kafukufuku wa ku America wa mu March 2020. Anapeza kuti vairasi yoyambitsa Covid-19 sinkakhalanso ndi mphamvu pakatha maola 4 ili pa chitsulo cha kopa, pomwe pa pulasitiki inkatha masiku atatu. Izi ndi zoona, ndipo n'zothandiza kwa omanga zipatala akamasankha zogwirira za zitseko. Koma nkhaniyo ndi ya vairasi imene yagwera pa chitsulo chouma. M'magazi mwathu kopa sayenda yekha, amakhala womangiriridwa ku mapuloteni, chifukwa atangomasuka angawononge maselo athu omwe. Chibangili chamkuwa pamkono nacho sichiteteza munthu ku chimfine.

Kopa wochuluka ndi poizoni. Amayambitsa nseru, kusanza, kupweteka m'mimba, ndipo pakapita nthawi amawononga chiwindi. Akatswiri a ku America anaika malire a mamiligalamu 10 patsiku kwa wamkulu. Ku India ana ambiri anadwala ndi kumwalira ndi matenda a chiwindi m'mabanja momwe ankawiritsira ndi kusungira mkaka m'ziwiya zamkuwa, ndipo matendawo anachepa anthu atasiya ziwiyazo. Palinso anthu obadwa ndi matenda a Wilson, omwe chiwindi chawo chimalephera kutaya kopa. Ambiri sadzidziwa mpaka atadwala. Ndipo alimi athu a tomato andimvetse: kopa wopopera m'dimba uja, amene amasiya madontho obiriwirako pa masamba ndi pa zipatso, si woti alowe m'kamwa. Supuni yoyezera mankhwalawo isabwererenso kukhitchini, ndipo tomato titsuke tisanadule.

Chimene ndikufuna owerenga achigwiritse kwambiri ndi nkhani ya zinki, mchere winanso wofunika m'thupi. Covid-19 itavuta kumayambiriro kwa 2021, anthu ambiri m'matauni anayamba kumwa mapiritsi a zinki, ena a mamiligalamu 50, ndipo alipo amene sanasiye mpaka lero. Malire a wamkulu ndi mamiligalamu 40 patsiku. Zinki akachuluka kwa miyezi, amachititsa kuti kopa azikodwa m'maselo a m'matumbo n'kutayika ndi chimbudzi osalowa m'magazi. Zotsatira zake, munthu amene ankafuna kulimbitsa chitetezo amapezeka asilikali ake atsika, magazi achepa, mapazi akuchita dzanzi, poyenda akudzandira. Magazi amabwerera akalandira thandizo, koma mitsempha ikawonongeka nthawi zina siichira yonse. Amayi asandimve molakwa. Zinki amene mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa pamodzi ndi ORS kwa masiku 10 mpaka 14 ndi wopulumutsa moyo, ndipo amalize ndithu. Kafukufuku wa michere wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anasonyezanso kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse akuperewera zinki. Vuto ndi kudzimwera mlingo waukulu popanda wachipatala kudziwa.

Kopa amene tikumufuna ali kale m'zakudya zathu, ndipo kusowa kwake kwenikweni sikuchitikachitika mwa anthu odya zakasinthasintha. Magalamu 100 a mtedza ali ndi pafupifupi miligalamu imodzi, ya tsiku lonse. Ndiwo zamasamba zotendera nsinjiro, nyemba, nandolo, khobwe, soya, chitowe, bowa, mapeyala, zonsezi zimapereka. Kachidutswa ka chiwindi cha ng'ombe kapena mbuzi kamaposa wofunika patsiku kangapo, moti kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo amayi oyembekezera asachulutse chifukwa cha vitamini A wambiri amene ali m'chiwindi. Zimandipweteka ndikaona mayi akusema dzungu, n'kukokolola nthanga zonse kutayira kudzala, chonsecho akanaziyanika n'kuzikazinga zikanapatsa ana kopa ndi zinki yemwe. N'chimodzimodzi ndi chimanga. Tikakonola, n'kuviika mphale, n'kugayitsa ufa woyera, mbali yaikulu ya michere imatsalira m'madeya omwe timapatsa nkhuku ndi nkhumba. Sindikuti tisiye nsima yoyera, koma phala la mgaiwa lothira nsinjiro lisamaoneke ngati chakudya cha osauka. Ndalama ya botolo limodzi la mapiritsiwo ingagule nyemba ndi mtedza wodya banja lonse kwa masiku angapo.

Pempho langa likupita ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi Unduna wa Zaumoyo, kuti aunike mapiritsi a michere amene akugulitsidwa pa intaneti, m'mabasi ndi m'misika, komanso zimene ogulitsa akulonjeza. Nyuzipepala ndi mawailesi azifunsa umboni asanalandire malonda otere. Amene ali pa ma ARV asasiye kapena kudumphitsa mankhwala chifukwa cha kopa, ndipo makolo asaphonyetse ana katemera. Amene wakhala akumwa zinki kwa miyezi ndipo wayamba kufooka kapena kumva dzanzi m'mapazi, atenge botololo apite nalo kuchipatala, akamuyeze magazi.

Mlangizi wa za kadyedwe wopuma pantchito,
Kasungu